Mutu 6: Tsiku Limene Onse Anapita Kukasamba

1. Mipando pamsewu

Msewu umene unkadutsa pakati pa nyumba zawo unali wadothi, ndipo kumtunda kwake kunali kampani yophwanya miyala. Malole a kampaniyo ankatsika atasenza miyala n'kukwera opanda kanthu, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Lole iliyonse inkasiya fumbi loyera ngati ufa, ndipo fumbilo silinkasankha. Linkatera pa zovala zoyanika, m'mbale zotsuka kale, m'makope a ana asukulu, ngakhalenso pa dazi la a Tcheya a komiti ya m'deralo, amene ankati iwo ndi munthu wodziwika.

Anthu anapempha kampani kuti ithire phula. Kampani inayankha kuti nkhaniyo yamveka. Anapemphanso, ndipo kampani inati yamvekanso. Tsiku lina anthu anangotulutsa mipando m'nyumba zawo, n'kuindanda chopingasa msewu, n'kukhalapo. Malole anayamba kuzungulira kuseri kwa phiri, njira yaitali yodya mafuta, ndipo kampani inayamba kumva kuwawa.

Komiti ya anthuwo inali ndi lamulo limodzi lalikulu: mpando usakhale wopanda munthu. Apolisi anali atanena kuti munthu wokhala mwamtendere samukhudza, koma mpando wopanda mwini ndi chinyalala, aliyense angathe kuutaya. Onse ankadziwanso kuti lole imodzi ikangodutsa, zina zonse zilondola, ndipo msewu sudzatsekekanso. Choncho ankasinthana. Am'mawa sankadzuka mpaka amasana atafika.

Sabata yoyamba anthu ankaimba mpaka kusasa mawu. Yachiwiri ankaimba akaona mlendo. Pofika tsiku la nkhani yathuyi ankangokhala, ena akuluka, ena akuwodzera, misana ili gwa. Chikwangwani chachikulu chinali chitafufuka ndi dzuwa, moti chinkawerengeka kwa amene anachilemba yekha.

2. Mawu a malume

Kasingano anali mtsikana wa folomu folo. Dzinali anamupatsa ndi a Telala, osoka zovala m'deralo, chifukwa cha kuonda, ndipo linamukakamira. Ankakhala kwa malume ake, poti amayi ake ankagwira ntchito ya m'nyumba kutali, m'kachipinda kokwana bedi limodzi ndi ndowa. Mayeso omaliza anali atayandikira.

Vuto linali lakuti malume akewo anali dalaivala wa imodzi mwa malole aja. Kuyambira pamene mipando inatuluka, moni wa aneba unafupika kwambiri.

Loweruka limenelo malume ankamanga zingwe za jombo pakhonde. M'chipinda, Mzime, mwana wawo womaliza, ankatsokomola chifuwa chouma chimene chinali chitamukhalitsa.

"Iwe, tabwera kuno," anatero malume. "Dzulo akuti unaima nthawi yaitali pafupi ndi mipando."

"Ndimangodutsa, malume."

"Kudutsa kwake koima? Tamvera, ndipo usandiyang'ane ngati ndine wailesi. Za fumbizo ndikuzidziwa. Woyamba kulimeza ndine, inu mumangolandira makombo. Usaganize kuti sindimumva Mzime. Khomali ndi lopyapyala, ndipo mwanayo ndi wanga. Koma denga ukulionali, buledi wadya m'mawa uno, nyali imene umawerengera, zonsezi zimatsika ndi lole yomweyo. Amene akukhala pamipandowo, wina ali ndi golosale, wina ali ndi ana omutumizira thandizo. A Tcheya akagwa, agwera pa matiresi. Ife tikagwa, tigwera pa simenti. Kapitawo wathu amadziwa khomo la dalaivala aliyense, ndipo omuuza nkhani ndi ambiri kuposa ntchentche. Akangomva kuti wa m'nyumba mwanga wakhala pampando, ine yanga yatha. Ndiye ndikukuuza maso ndi maso: tsiku limene ndidzakupeze utakhala pamenepo, udzalongedze, mayeso akowo ukalembere kwina. Sindikukuda ayi. Ndikungokuuziratu, kuti usadzati malume sananene."

"Ndamva, malume."

"Wamva ndi makutu kapena ndi mutu?"

"Ndi zonse, malume."

Malume ananyamula chipewa n'kumapita. Dzuwa litakwera, azakhali, mkazi wa malume, anatuluka ndi botolo la mankhwala a chifuwa lopanda kanthu n'kuligwedeza pafupi ndi khutu, ngati lingasinthe maganizo.

"Thamanga kugolosale ukatenge lina ngati ili," anatero. "Udutse m'mbali. Usakhudze ngakhale mwendo wa mpando."

3. Chilengezo

Pobwerera kugolosale, botolo latsopano lili m'manja, Kasingano anapeza anthu ataunjikana. A Tcheya anali atakwera pa kireti ya zakumwa. Iwowa anagwirapo ntchito mu ofesi inayake kalekale, ndipo chiyambire nthawi imeneyo sankati "ine", ankati "ofesi yanga". M'manja anali ndi chimkuzamawu chimene mabatire ake anatha sabata yoyamba ija, koma ankachiikabe pakamwa.

"Anthu anga! Ofesi yanga yalandira foni. A kanema akubwera masana ano ndi kamera!"

Anthu amene ankawodzera anadzidzimuka. Wina analuluta.

"Dziko lonse litiona," anapitiriza a Tcheya. "Ndiye tadziyang'anani. Taonani nsidze zanuzo. Taonani makosi. Anthu akationa chonchi adzati awa ndi ndani, mizukwa? Tisachititse manyazi dera lathu."

Mayi a Saluni, amene anali wachiwiri wawo mu komiti, anagwira mutu wawo. "Ine ndi tsitsi ili pa kanema, ayi. Ndili ndi makasitomala ine. Adzati mwini saluni ndi ameneyu?"

"Mwamva wachiwiri wanga. Ndiye chigamulo n'chakuti aliyense athamange akasambe, adzole, avale zooneka. Amayi, musanapite, sesani pano ndipo muwaze madzi, alendo angatsokomole."

A Telala, nkhalamba ya magalasi omanga ndi ulusi, anakweza dzanja ali pampando wawo pakati pa msewu.

"Pepani a Tcheya. Ife tikudandaula chiyani kodi?"

"Funso lanji limenelo? Fumbi!"

"Ndiye tikasamba, n'kuwaza madzi, a kamerawo tiwaonetsa chiyani?"

"Tiwafotokozera. Pakamwa tili napo."

"Nanga lamulo la mipando?"

"Lamulolo anapanga ndi ofesi yanga, ndipo ofesi yanga ikulipumitsa pang'ono. Malole aja anaphunzira kale, sabweranso kuno. Inu m'malo motsutsa, tengani jekete ili mukalisite. Simbi yabwino ili ndi inu nokha."

Jekete linagwera pamiyendo pa a Telala. Amayi anasesa, nawaza madzi mpaka msewu unada bii, ukununkhira ngati kwagwa mvula. Kenako anthu anabalalika mwachangu chimene sichinaoneke chiyambire zionetserozo.

Tisawaseke kwambiri. Munthu amene wakhala masabata pampando wapulasitiki, ukamuuza kuti kusamba nakonso ndi mbali ya nkhondo, safunsa kawiri.

Kumtunda, pageti la kampani, mlonda anaphimba maso ndi dzanja n'kuyang'anitsitsa kumunsi. Kenako anatulutsa foni m'thumba.

4. Mawu a a Telala

Pamsewu panatsala a Telala, jekete, ndi Kasingano amene anaima m'mbali monga anamuuzira.

"Kasingano, wabwera kudzaonera sewero?"

"Andituma mankhwala, agogo. Inu simukasamba?"

"Ine ndinasamba chaka chatha, sizinathandize." Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi wa a Tcheya amene anali m'thumba la jekete. "Mwana wanga, ine izi si zoyamba. Ndili wamng'ono ngati iwe ndinkagwira ntchito kufakitale ya nsalu. Anatikhomera mazenera kuti tisamaponyere nsalu panja, ife n'kumapuma thonje tsiku lonse. Tinanyanyala ntchito. Apolisi anatimenya, m'mawa mwake tinabwereranso ndi mabandeji. Ndodo sizinatigonjetse. Chinatigonjetsa ndi tiyi. Bwana anaitana atsogoleri athu kuti akamwe tiyi mu ofesi, iwo n'kuthamanga kukabwereka nsapato. Pamene ankatuluka, akunyambita shuga, pageti panalibenso munthu. Mazenera aja anadzatsegulidwa patapita zaka, ine chifuwa chitawonongeka kale, ndipo pachithunzi cha m'nyuzipepala panali anthu amene sanaimepo pageti ngakhale tsiku limodzi."

Anavalanso magalasi.

"Ndiye usatengeke ndi nyimbozi. Zinthu izi n'zotopetsa. Zimadya msana, zimadanitsa ndi abale, ndipo wothokozedwa amakhala wina. Sindikukuuza kuti ukhale pampando. Malume ako ndimawadziwa, ndi munthu wabwino amene wapanikizika pakona. Ndikungoti, tsiku limene udzafune kukhala, udzadziwiretu kuti palibe adzakuombere m'manja, ndipo kunyumba kudzakhala kozizira. Ukaona kuti zimenezo sungazipirire, pita kwanu ukawerenge. Palibe tchimo pamenepo. Sukulu nayo ndi nkhondo, ndipo yakoyo ili pafupi kutha."

Anadzuka pang'onopang'ono, mawondo akulira.

"Mukupita, agogo?"

"Ndikapanda kusita jeketeli, pofika madzulo mbiri ikhala itamveka kuti a Telala agulidwa ndi kampani. Ndibwera pompano. Undiyang'anireko mpandowu, ana angaube. Usakhalepo. Ungoima pafupi."

Analowa m'kanjira ka pakati pa nyumba, jekete lili paphewa.

5. Malole

Kasingano anamva kaye kunjenjemera kwa nthaka. Atacheuka anaona malole akutsika kumtunda, imodzi pambuyo pa inzake, atasenza miyala mpaka pamwamba. Yakutsogolo anaizindikira ndi galasi lake lam'mbali lomangidwa ndi waya. Inali ya malume. Pambali pawo panakhala kapitawo, mkono uli pazenera.

Lole inaima chapatali pang'ono. Amuna awiri analumpha kumbuyo n'kuyamba kutola mipando, wina kuyambira kumanja, wina kumanzere, akuiponya m'ngalande za m'mbali mwa msewu. Sankathamanga n'komwe. Ankagwira ntchito ngati anthu ochotsa mbale patebulo.

"A Tcheya!" anakuwa Kasingano. "Mayi a Saluni! Malole!"

Kunyumba kunkangomveka kulira kwa ndowa ndi madzi okhavukira pansi. Bambo wina ankaimba nyimbo ya kutchalitchi m'bafa, mawu ali pamwamba.

Mipando inkatha. Panatsala isanu, kenako itatu. Kasingano anayang'ana kanjira kamene analowa a Telala. Munalibe munthu. Anayang'ana lole. Malume anali atagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, akumuyang'ana iyeyo.

Anayenda mpaka pakati pa msewu n'kukhala pampando wa a Telala. Anaika botolo pamiyendo n'kuligwira ndi manja onse.

Mmodzi wa amuna aja anafika n'kugwira kumbuyo kwa mpando. "Chemwali, tadzukani, tikusesa."

"Ndakhala."

"Tikuona kuti mwakhala. Kakhaleni kwanu."

"Uwu uli ndi munthu. Apolisi anati wokhala ndi munthu musaukhudze."

Mwamunayo anachotsa dzanja n'kuyang'ana kwa kapitawo. Msewu unali wopapatiza, ngalande uku ndi uku. Lole sikanatha kumuzungulira.

"Kamtsikana kamodzi?" anakuwa kapitawo. "Iwe, imba hutala, kathawa kokha!"

Malume anaimba hutala. Anaiimba nthawi yaitali, yaitali ndithu kuposa mmene munthu angafunire poopseza kamtsikana kamodzi. Agalu a m'dera lonse anayamba kuuwa. Nyimbo ya m'bafa ija inaduka.

"Sendera! Pang'onopang'ono, kadzuka!"

Lole inasendera. Kasingano anaona chitsulo chakutsogolo chikukula, mpaka anatha kuwerenga tizilombo tofera pamenepo. Kutentha kwa injini kunamufika m'mawondo. Anatsinzina. Mabuleki analira.

Chitseko chinatseguka, jombo zinatera pansi.

"Dzuka," anatero malume motsitsa mawu.

"Malume."

"Ndinati chiyani m'mawa uja?"

"Munati mukandipeza pano ndilongedze."

"Ndiye?"

"Ndilongedza, malume. Koma ndikadzuka, zidutsa zonse."

Malume anayang'ana pamiyendo pake. "Chimenecho n'chiyani?"

"Mankhwala a Mzime. Azakhali ati lija latha."

"Latha kale? Si lomwe ndinagula..." Sanamalize.

Kapitawo anali atatsika, akupukuta thukuta pakhosi. "Mukunong'onezana chiyani? Ukumudziwa ameneyu?"

Malume anatembenukira kwa kapitawo. "Ndi mwana wa mlongo wanga, bwana."

"Ha! Wa m'nyumba mwako? Ndiye zaphweka. Ife sitingamukhudze, koma iwe ndi wako. Munyamule ndi mpando womwewo, umuike uko."

Zinali zoona kuti zinali zophweka. Malume ankanyamula tayala la lole okha. Kasingano ndi mpando wake akanawanyamula ndi dzanja limodzi. Anawerama, nagwira mikono ya mpando mbali zonse ziwiri, nkhope yawo ili pafupi ndi yake. M'nsidze mwawo munali fumbi loyera lomwe lija. Anakhala chiweramire, ngati munthu amene waiwala chimene amafuna kutola.

Kenako anaweramuka.

"Wakula uyu, bwana. Si wonyamulanso."

"Ukuti chiyani?"

Koma nthawi inali itatha. Hutala ija inali itagwira ntchito yake. M'tinjira tonse munkatuluka anthu: wina sopo ali m'khutu, wina atakulunga thaulo, wina nsapato imodzi. Mayi a Saluni anatulukira tsitsi mbali imodzi litapesedwa, mbali ina litaima ngati tsache. Anthu analumphira m'ngalande n'kuvuula mipando, yamatope yomweyo, n'kukhalapo. Amene anasowa mpando anakhala pa ndowa imene amasambira.

A Tcheya anafika omaliza, atavala vesiti ndi thalauza la suti, chimkuzamawu chili pakamwa. "Musaope! Ofesi yanga yafika!"

Malume anakwera m'lole osayang'ana munthu. Malole anabwerera chambuyo, imodziimodzi, mpaka kumtunda. Mawu a kapitawo ankamvekabe ngakhale lole zitakhota.

6. Kunyumba

A kanema anafika dzuwa litapendeka. Anapeza msewu wosesedwa bwino, wonyowa, ndi anthu onunkhira sopo.

"Pepani," anatero mnyamata wa kamera, akuyang'ana uku ndi uku, "fumbilo lili kuti?"

A Tcheya, amene tsopano anali m'jekete losita, anamufotokozera za fumbilo kwa nthawi yaitali. Anafotokozanso mmene ofesi yawo inaimira kutsogolo kwa malole popanda mantha. Mayi a Saluni anavomereza, atatembenuzira ku kamera mbali yopesedwa ija. Wa kamera anajambula chikwangwani chofufuka, n'kufunsa ngati pali malo ogulira madzi ozizira.

Kasingano anadzuka n'kubwezera mpando kwa mwiniwake.

"Ndinati ungoima pafupi," anatero a Telala.

"Ndinatopa kuima, agogo."

Nkhalambayo inamuyang'ana pamwamba pa magalasi. Sinaseke. "Pita ukapereke mankhwalawo. Zikavuta, mkazi wanga ali ndi mphasa yapadera. Koma nyali yathu ndi yofooka, usayembekezere zambiri."

Kasingano anayenda pang'onopang'ono. Aneba amene kale ankafupikitsa moni tsopano ankamukodola, koma iye sanaime. Atafika, anapeza azakhali pakhomo. Azakhaliwo analandira botolo n'kumupatsa njira.

Malume anali pabalaza. Chiyambire Kasingano kukhala m'nyumbamo, anali asanawaonepo pakhomo dzuwa likadali kunja pa tsiku la ntchito. Anali atakhala pa sofa, manja ali pamawondo, ovololo ili pathupi. Mzime anali atagona mutu uli pantchafu pawo, akupuma mokoka.

"Tseka chitseko," anatero malume.

Anatseka, n'kugwada pafupi ndi khoma. "Malume, ndilongedze pano kapena m'mawa?"

"Ulongedze upite kuti? Kukagona m'ndowa ya amayi ako?" Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Zolongedzazo zisiye. Mwina tidzalongedzera limodzi tonse."

Azakhali anaima pachitseko cha kukhitchini, supuni ya mankhwala ili m'manja.

"Akuchotsani ntchito?" anafunsa Kasingano.

"Akanandichotsa bwenzi zili bwino, bwenzi ndikudziwa pamene ndaima. Kapitawo wati Lolemba m'mawa nditsogolenso ineyo, pamsewu womwewu. Ndikadutsa, za lero aziiwala. Ndikalephera, nditsike pomwepo, ndimupatse makiyi pamaso pa anthu onse."

Mzime anatsokomola ali m'tulo. Malume anamusisita pamsana mpaka anasiya.

"Ine ndaganiza njira yonse pobwera, mutu wauma," anatero. "Ndiye dzuka pansipo, ukhale apa. Wayamba ndiwe zimenezi. Tandiuza, Lolemba tichita bwanji?"